Foni Imene Inasowa Woiyankha

Wongani, bwera nayo kuno foniyo. Ine ndakutuma kuti undiikiremo nambala ya kuchipatala cha maso, basi, koma iwe wayamba kundiphunzitsa ngati ndatsika dzulo m'basi ya kumudzi. Ati, "Agogo, apa pobiriwirapa ndiye poyankhira." Ndikupadziwa poyankhira, mwana iwe. Amako anaphunzira mpaka kumaliza Fomu Folo chifukwa cha kuyankha foni kwanga. Nyumba ino ya ku Lupaso, malata onsewa pamwambapa, ndi "Halo" wanga ameneyu.

Khalani pansi nonse, poti magetsi nawo atithawa. Tiwonge, chotsa tizingwe ito m'makutumo, dziko silitha. Lusungu, iwe pitiriza kusenda nthochizo, makutu sagwira mpeni. Ndikuuzeni za foni imene inalira masana onse m'nyumba yodzaza anthu ophunzira, koma osapezeka woinyamula.

Kwathu ku Dedza, ndili mtsikana, foni inali imodzi yokha, ya ku positi ofesi, ndipo sinkabweretsa nkhani ina koma maliro. Munthu akauzidwa kuti akufunidwa ku foni, ankayamba kulira akadali m'njira, kuti pofika akhale atachepetsako ntchito. Inu lero mumaimbirana muli m'nyumba imodzi, kufunsana ngati mpunga wapsa. Kaya.

Ku Mzuzu kuno anabwera nane ndi agogo anu aamuna, Mtonga wa ku Nkhata Bay, mphunzitsi, munthu wolankhula ngati wailesi. Tinakwera basi imene inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ngakhale amene akungodzikanda m'mutu. Ndinkayesa kuzizira ndikukudziwa, mwana wa ku Dedza ine, koma kwa kuno kumabwera ndi kamvula kake kopanda phokoso, kolowa mpaka m'mafupa. Tinakakhala ku Mchengautuwa, nthawi imeneyo mitengo idakali yambiri kuposa nyumba. Apongozi anga anandilandira ndi kondowole, nsima ya chinangwa ija, ndi nsomba ya batala. Nthongo yoyamba inaima pakhosi apa, kukana kutsika, kukananso kubwerera, iwo n'kumati, "Ryani mama, ryani." Ndinameza misozi ikutuluka, iwo n'kumauza anthu kuti mkamwana wakondwa mpaka kulira. Lero ndikatha sabata osadya kondowole thupi limandiwawa.

Ntchito ndinaipeza pa kampani ina ya matabwa mtauni muno. Mwini wake anali mayi wamasiye, NyaMunthali, amene anayamba ndi sowo imodzi ndi amuna awiri ocheka padzenje ku Chikangawa. Tonse tinkangoti Mama. Anali aafupi, osakonda kubwereza mawu. Iwowo ndiwo anandikhazika pa swichibodi.

Swichibodi simukuidziwa inu. Chinali chibokosi ngati kabati ya mbale, cha timabowo, timagetsi ndi zingwe. Munthu akaimba kuchokera kunja, kagetsi kankayaka, ine n'kuti, "Halo, kuno ndi ku matabwa, ndikuthandizeni?" Akatchula amene akumufuna, ndinkatenga chingwe n'kuchilowetsa pabowo la ofesi yakeyo. Wa m'kati akafuna kuimba kunja, ankayamba wapempha ine. Eee, ndinali munthu masiku amenewo! Bwana amene wadutsa pakhomo panga m'mawa osanena "Monire" ankapeza laini yatanganidwa kufikira atakumbukira mwambo. Pa Khirisimasi nkhuku sinkasowa pakhomo pathu.

Zaka zinapita. Amako anakula, agogo anu anapuma ntchito, foni zam'manja zinayamba kuoneka apa ndi apo, m'chiuno mwa anthu opeza bwino okha. Mama nawo anakalamba, mawondo anayamba kuwavuta, ndipo anapita kukakhala kwa mwana wawo ku Lilongwe. Kampani anaisiya m'manja mwa amuna atatu. A Mhango anali manijala, munthu wa tayi ngakhale Loweruka. A Nyirenda anali wachiwiri wawo, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mpando wa umanijala unali wawo, unangosochera njira. A Phiri, a ku Kasungu, ndiwo ankasunga chuma, nkhope yawo nthawi zonse ngati angotafuna kumene tsabola. Atatuwa ankapatsana moni bwinobwino, kumaliro ankakwera galimoto imodzi, koma aliyense ankayeza mpando wa mnzake ndi maso kuti aone ngati watalika kuposa wake.

Tsiku lina a Mhango anabwerako ku msonkhano ku Blantyre mutu utazungulira. Anali ataona ofesi ina kumene foni imadziyankha yokha.

"Mayi Longwe," anatero ataima pa swichibodi yanga, "we are behind. Tatsalira chomene."

Pasanathe nthawi kunafika kabokosi kotuwa, kochepa kuposa sutikesi, pamodzi ndi katswiri wake wochokera ku Lilongwe, a Kamanga, bambo wachikulire, wofatsa, woonda ngati nsungwi. Iwo chilichonse ungawafunse yankho linali limodzi: "Zitheka." Anakhomerera kabokosiko pakhoma kuseri kwa mpando wanga, nakoka mawaya m'maofesi monse, nati ntchito yotsala ndi ya masana amodzi. Makinawo, anatero, ndi opusa, amangochita zimene wawauza. Amafuna kupatsidwa malamulo: ofesi iliyonse nambala yake ikhale iti, ndani aloledwe kuimba kuti, ndipo foni ikalira osayankhidwa ipite kwa yani.

"Mungondiuza, ndidine, mawa ndikwere basi," anatero a Kamanga.

A Mhango anaseka mowamvera chisoni. "Bambo, nkhani zikuluzikulu ngati zimenezi sitiziyankha titaimirira. Pafunika komiti."

Komiti inakhazikitsidwa mvula ikutha. Wapampando a Mhango, mamembala a Nyirenda ndi a Phiri, wolemba zokambirana ine. Mfundo yoyamba yeniyeni inali yoti makina akayamba ntchito swichibodi ichotsedwe, Mayi Longwe asamukire kuchipinda cha mafaelo mpaka kutha kwa chaka, kenaka kampani "iona." Ndinalemba ndi dzanja langa lomweli. A Mhango anasuzumiranso papepala kuti aone ngati dzina langa ndalilemba bwino. Ana inu, "iona" ya bwana ndi kutsanzika. Nthawi imeneyo malume anu anali ku koleji, ndipo penshoni ya agogo anu inkatha mwezi usanafike pakati. Tsiku limenelo ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, kuopa kuti wina angandione nkhope mu minibasi.

Koma tiyeni ku komiti, kumene kunali ntchito yaikulu.

Zinayamba ndi manambala. A Kamanga anati ayambire pa 101 kupita m'tsogolo. A Mhango anatenga 101 popanda wotsutsa. A Nyirenda anatambasula dzanja kuti atenge 102, a Phiri n'kukhosomola.

"Ine ndine wachiwiri," anatero a Nyirenda. "Wachiwiri ndi thuu. Ngakhale mwana wa Sitandade Wani akudziwa."

"Wachiwiri kwa manijala, inde," anayankha a Phiri. "Koma ine sindili pansi panu. Ndili pambali."

"Kasi makinawa ali ndi nambala ya pambali?"

Tonse tinacheukira a Kamanga. Iwo anati, "Zitheka," nawapatsa a Phiri 201.

Mtendere unakhala mpaka m'mawa mwake. A Nyirenda anali atagona nazo, nazindikira kuti 201 ndi yaikulu kuposa 102, komanso ikuthera ndi wani ngati ya manijala. A Mhango nawo atamva zimenezi anayamba kuiyang'ana 101 yawo mokayika. Panakhala msonkhano wathunthu, wa tiyi wamkaka ndi masikono, wofuna kudziwa ngati ukulu uli mu nambala yaing'ono kapena yaikulu. Pofuna kudula nkhani, a Mhango anati iwo atenga 999, imene palibe angaipose. Apo ndi pokhapo pamene ndinawamva a Kamanga akukana.

"Imeneyo ayi, bwana. Naini ndi chipata. Munthu akayamba ndi naini, makina amadziwa kuti akufuna kuimba kunja. Wofuna inu azingopezeka ali pamsewu."

A Mhango anabwerera ku 101 yawo, nandilamula ndilembe kuti pa kampani ino nambala yaing'ono ndiyo yaikulu. Ndinalemba.

Kenaka inabwera nkhani ya amene aloledwe kuimba kuti. A Kamanga anafotokoza kuti makina amagawa mafoni m'magulu. Gulu A limaimba kulikonse, ngakhale kunja kwa dziko. Gulu B limaimba m'dziko muno monse ndi pa foni zam'manja. Gulu C limangoimba mafoni a m'nyumba ndi m'maofesi a mu Mzuzu. Gulu D silituluka pachipata, limangolankhula ndi anzake a m'kati. Anafunsa kuti ndani ntchito yake imafuna chiyani. Funso limenelo palibe analimva. Zimene anamva ndi A, B, C, D, ngati zotsatira za mayeso.

A Mhango anakhala mu A okha. A Nyirenda anati iwo B sanapezepo chiyambire sukulu, sayambira pa foni. Anakangana mpaka masikono anatha, ndipo anagwirizana kuti a Nyirenda ndi a Phiri akhale mu "A yaing'ono." Madzulo ake a Kamanga anawaika onse awiri mu B, n'kumata kapepala kolembedwa "a" pa foni iliyonse. Onse anakhutira. A Mhango nawo kunja kwa dziko analibe womuimbira, kupatula mlamu wawo wa ku Joni, ndiye Lolemba lililonse ankamuimbira, chitseko chili chotsegula, kumufunsa mokweza ngati kumeneko kukuzizira.

Tsono panali a Gondwe, kapitawo wa kubwalo la matabwa, amene ntchito yawo tsiku lonse inali kufunsa madalaivala a malole kuti afika pati. Madalaivala ali pamsewu, foni zawo ndi zam'manja. Koma a Gondwe analibe tayi, ndiye komiti inawaika mu D. Kuyambira pamenepo ankawoloka msewu kangapo patsiku kukaimba pa kabenchi ka mayi wina woimbitsa foni pansi pa ambulera. Mayiyo anagula ambulera yachiwiri chifukwa cha kampani yathu.

Musaseke kaye, sizinathe. Makinawo ankafuna mawu olandirira anthu, aja oti "dinani wani, dinani thuu." A komiti anati mawu anga ndiwo anthu anawazolowera, ndiye ndijambulidwe ine. Taganizani, munthu kudzisokera wekha nsalu ya maliro. A Mhango anati moni ayambe m'Chingerezi, kuti anthu adziwe kuti si golosale. A Nyirenda anati kuno ndi ku Mzuzu, Chitumbuka chibwere kachiwiri. A Phiri anati ogula ambiri amachokera kumwera, Chichewa sichingakhale kumchira. Anachita kuponya ndalama m'mwamba kuti adziwe chobwera kachiwiri, Chitumbuka n'kupambana, ndipo pofuna kuwapepesa a Phiri anawonjezera kuti udindo wa aliyense utchulidwe wonse, ndi makalata ake a sukulu omwe, m'zilankhulo zonse zitatu. Ndinajambula mpaka kukhosi kunauma. Moni ameneyo akayamba, munthu unkatha kuika foni pansi, kukatereka madzi, kubwerera n'kupeza ndikadali pa a Nyirenda.

Agogo anu aamuna anaimba tsiku lina kuti andiuze kuti ndigule palafini. Anamva mawu anga, nayamba kulankhula. Ine osasiya. Anakweza mawu, ine ndili pa Chitumbuka. Madzulo ndinawapeza atakhala pakhonde, nkhope ili gwa. "Zaka zonsezi," anatero, "ndimadziwa kuti sumandimvera, koma sindinkadziwa kuti ungathe kutero m'zilankhulo zitatu."

Lamulo lomaliza linali la foni yosayankhidwa. A Kamanga anafunsa kuti ikalira kwa manijala kangapo popanda woinyamula, ilowere kuti.

"Kwa wachiwiri wanga," anatero a Mhango. "Ndiyo ntchito ya wachiwiri."

"Ndipo ikandiphonya ine, ipite kwa a Phiri," anatero a Nyirenda msangamsanga.

A Phiri anaika kapu pansi. "Ine sindine dzala loti zonse zizithera kwa ine. Ikandiphonya, ikwere kwa manijala. Chimene chalaka ife, ndani wina angachithe?"

A Mhango anakonza tayi. Mawu amenewo anawakomera.

A Kamanga anadzikanda m'mutu. "Koma mabwana, ikamazungulira choncho, ikaima pati?"

"Zitheka kapena sizitheka?"

"Zitheka."

Mabwanawo anawonjezerapo lamulo lina, loti munthu asagwire foni imene si ya ofesi yake, wogwira alandira kalata ya chenjezo. Limenelonso ndinalemba. A Kamanga, amene anabwera kudzagwira ntchito ya masana amodzi mvula ikutha, anakwera basi m'nyengo yozizira, batani la malaya likukana kutseka pamimba. Swichibodi yanga anainyamula amuna anayi kukaiponya kuchipinda chosungira katundu, ine n'kupita kumafaelo, kachipinda ka kumapeto, kopanda windo, ka fungo la mphemvu.

Tsiku lenilenilo linali Lachinayi, kunja kuli chifunga choti sungaone mtengo wa pafupi. Titangodya nkhomaliro, foni inalira kwa a Mhango. Ndili kumafaeloko ndinkaimva bwinobwino, poti makoma anali a matabwa. Inalira, inalira, n'kuleka. Inayamba kwa a Nyirenda. Inaleka. Inayamba kwa a Phiri. Inaleka, n'kuyambiranso kwa a Mhango. Inazungulira choncho kwa kanthawi, n'kuduka. Patapita nthawi pang'ono, iyo yayambanso.

Ana inu, munthu amene wayankha foni moyo wake wonse, kulira kwa foni kumamupweteka ngati kulira kwa khanda. Ndinapirira, ndinapirira, kenaka ndinanyamuka. A Mhango ndinawapeza akuwerenga nyuzipepala, foni ikulira pafupi ndi chigongono chawo.

"Bwana, foni ikulira."

"Ndikuimva, Mayi Longwe. Manijala sathamangira foni, anthu angayese alibe chochita. Amene ali ndi nkhani yeniyeni, nambala iyi akuidziwa." Anasisita foni yawo yam'manja imene inali m'chiuno.

Tili mkati molankhula, foni inasamuka. Ndinaitsatira kwa a Nyirenda. Iwo anali atapinda manja, akuiyang'ana ngati mbale ya ndiwo zadzulo.

"Imeneyi yachokera kwa a Mhango," anatero. "Ine sindidya makombo."

Ndinapita kwa a Phiri. Sanadzutse n'komwe mutu. "Foni yoti anthu awiri aikana, ikhale yabwino kwa ine? Ameneyo akufuna cheke. Muuzeni ndatuluka."

"Ndimuuza bwanji, bambo, poti palibe wayankha?"

"Ndiye wamva kale."

Ndinabwerera kwa a Mhango foni itandidutsa m'njira. "Yabweranso?" anatero. "Ndiye kuti ndi nkhani ya ku akaunti, akuibweza dala." Dzanja langa linapita lokha. Lisanafike, a Mhango anaphimba foniyo ndi nyuzipepala. "Mayi Longwe, lamulo lija munalemba ndinu."

Ndinabwerera kumafaelo, ndinakhala pansi, ndinatseka makutu ndi manja. Inalira modukizadukiza mpaka dzuwa kupendeka, kenaka inangoti zii. M'nyumba monse munamveka anthu akupuma ngati amene agonjetsa mdani.

Titatsala pang'ono kuweruka, pachipata panaima lole yodzaza zipika. Sinali yathu. Inali ya kampani ina, imene tinkalimbirana nayo ogula. A Gondwe anathamangirako kuti akaibweze, koma atasuzumira kutsogolo anavula chipewa. Chitseko chinatseguka, ndipo anatsika pang'onopang'ono, mwendo umodzi kenaka wina, Mama NyaMunthali. Chitenje chanyowa, nsapato zili matope okhaokha, m'manja muli jumbo ya mbatata ya kachewere.

Ine ndinaonera pakhomo la kuseri. Mabwana atatu aja anatuluka akuthamanga, aliyense kufuna kufika poyamba.

"Monire Mama! Bwanji osatiuza kuti mukubwera? Mukanangoimba!"

Amene ananena mawu amenewo ndi a Mhango. Mama anawayang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato. Analowa, nakhala pa benchi ya alendo, nafotokoza mwachidule, monga mwa khalidwe lawo. Ananyamuka ku Lilongwe m'mamawa osauza munthu, kuti adzaone kampani yawo. Galimoto inafera ku Chikangawa, pakati pa nkhalango, m'chifunga. Foni yawo inali itatha moto, ndipo manambala onse anali m'menemo. Mayi wina wogulitsa kachewere pamsewu anawabwereka yake. Nambala yokha imene akanatha kuiona inali yolembedwa pachitseko cha galimoto, ya ofesi yathu. Anaimba. Mayunitsi anathera m'moni. Anatuma munthu wa njinga kukagula ena. Anaimbanso, napirira moni yense, nadina wani, namva foni ikulira, ikulira, mpaka mayunitsi kuthanso. Anatero masana onse, ataima pamphepo, mpaka dalaivala wa adani athu anawamvera chisoni. Kachewereyo anagula pothokoza mwini foni.

Kenaka anati, "Mayi Longwe ali kuti?"

Ndinati basi, ngakhale kutha kwa chaka sindifikako. Ndinabwera, ndinagwada.

"Mawu anu lero ndawamva mokwanira," anatero Mama. "Mwandilandira m'Chingerezi. Mwandilandira m'Chitumbuka. Mwandilandira m'Chichewa. Mwandiuza masukulu onse amene a Phiri anaphunzirako. Ine ndikunjenjemera pamsewu."

"Pepani Mama. Mawuwo ndi anga, koma ineyo ndinali kumafaelo."

"Kumafaelo mukutaniko?"

Ndinangoyang'ana pansi. A Nyirenda anayang'ana a Mhango, a Mhango anayang'ana a Phiri, a Phiri anayang'ana kudenga.

"Technical fault, Mama," anatero a Mhango potsiriza. "Makinawa ndi atsopano, sanakhazikike. Ife foni sitinaimve bwinobwino."

"Enya, sanakhazikike," anavomera a Nyirenda. Aka kanali koyamba chaka chimenecho kuti awiriwa agwirizane.

"Makora, chabwino," anatero Mama. "Tiyeni tiwayese. Aliyense ku ofesi yake. A Mhango, bwerekeni ya m'chiunoyo."

Anaima pakati pa khonde, matope akudontha pa simenti, naimba nambala ya ofesi. Tonse, ndi a Gondwe ndi alonda omwe, tinaima chete kumvera ine ndikulandira alendo m'kafoni kaja mpaka kumapeto. Sindinayambe ndachitapo manyazi ndi mawu anga ngati tsiku limenelo. Mama anadina wani. Foni isanamalize n'komwe kulira koyamba, tinamva kuseri kwa chitseko, "Good afternoon, manijala pano!" Anadula, naimbanso, namveranso moni yense, nadina thuu. A Nyirenda anaigwira mwamphamvu mpaka inagwa pansi. Kwa a Phiri, ndikukhulupirira anainyamula isanaganize zolira.

Mama anabweza foni kwa mwini wake. "Makina ali bwino," anatero. "Odwala ndi ena."

Sanakalipe, sanachotse munthu ntchito. Anangoti a Kamanga aitanidwe. Atafika Lolemba, Mama anawapatsa malamulo ataimirira, tiyi wawo asanazizire. Manambala ayambire kuchipata kulowa m'kati: mlonda 101, a Gondwe 102, choncho mpaka kumapeto kwa khonde kumene kunali manijala. Aliyense amene ntchito yake ndi ya madalaivala kapena ogula, aziimba pa foni zam'manja. Kunja kwa dziko, palibe. "Matabwa athu sanafikeko ku Joni." Moni wa zilankhulo zitatu afufutidwe. Foni iliyonse yochokera kunja iziyamba yafika kwa munthu wamoyo pakhomo lolowera, munthuyo ndi Mayi Longwe, ndipo iye ndiye azidina kuti ipite kwa yani. Ikapanda kuyankhidwa, ibwerere kwa iye, anene amene sanayankhe.

"Zitheka?" anafunsa Mama.

"Zatheka kale," anatero a Kamanga, ndipo ndinawaona akumwetulira koyamba.

Mpando wanga unabwerera pamalo pake. Madzulo amenewo ndinakwera minibasi, kutsogolo, ndipo ndinagula nyama. Malume anu anamaliza koleji. Mama nawo ku Lilongwe sanabwererenso. Anati mawondo akhoza kuwawa kulikonse, naika mpando wandalema pakhonde, pamalo poti zitseko zonse zitatu zizioneka.

Mukuyesa anthu aja anasintha? Ana inu, munthu wozolowera kuyeza mipando saleka, amangosintha choyezera. A Kamanga akulongedza zida zawo, a Mhango anawakokera pakona pafupi ndi tebulo langa, nayamba kunong'ona, kuiwala kuti makutu anga anakulira m'mawaya.

"Bambo Kamanga, nambala andilanda, gulu andilanda. Palibe kanthu kena koti anthu azidziwira kuti foni iyi ndi ya manijala? Mwina kaliridwe? Yanga izilira mokweza kuposa zinazi."

A Kamanga anasiya kulongedza. "Mokweza bwanji, bwana?"

"Chomene."

"Zitheka."

Anatenga belu lina lalikulu, la mtundu woika m'mashedi momwe makina ocheka amasokosera, nalikhomera pamwamba pa chitseko cha manijala, nakwera basi yawo. M'mawa mwake munthu woyamba atafuna a Mhango, ine ndinadina. Mayo ine! Nkhunda zinabalalika padenga. A Phiri anadzitayira tiyi pa thalauza. Mayi wa maambulera kutsidya kwa msewu anaimirira kuti aone kumene kukupsa. A Mhango anatuluka pakhomo nkhope ikuwala, kuti aone ngati a Nyirenda amva.

Anamva. Tonse tinamva. Ndipo kuyambira tsiku limenelo panalibe munthu pa kampani, kapena pamsewu, amene sankadziwa kuti foni ya manijala ikulira ndipo sinayankhidwe. Likangolira belu, Mama pa mpando wawo ankatsitsa magalasi n'kuyang'ana chitseko. Anyamata onyamula matabwa ankaleka ntchito n'kumakuwa, "Bwana, yanu!" Mutu ukakula sulewa nkhonya. Patatha sabata a Mhango anapita kwa Mama mwaulemu, nati belulo likuwapweteka mutu, mwina a Kamanga abwerenso adzalichotse.

"Munalipempha ndinu?"

"Enya, Mama."

"Ndiye ndi lanu."

Ndinagwira ntchito pamenepo mpaka tsitsi lonseli kuyera, ndipo sindinaonenso manijala wothamanga ngati ameneyo. Ankasiya nsima pakati, ankasiya mlendo dzanja lili m'mwamba. Tsiku lina belu linawapeza ali kuchimbudzi cha kuseri kwa bwalo. Tinangoona bambo wa tayi akudumpha milu ya matabwa, dzanja limodzi litagwira lamba, linalo lili m'mwamba, akukuwa kwa foni imene sinkawamva, "Nkhwiza! Nkhwiza! Ndikubwera!" Anafika akupuma wefuwefu, nainyamula, ife tonse tili chete kumvetsera. Anali munthu wolakwitsa nambala: kwa ine anangoti akufuna manijala, koma ankafuna wa kuchigayo.